Kwa ofuna kudzipangira maikolofoni ya chubu

Musanapite kwa amisiri a lathe (makina osemera zitsulo) ku Ndirande kapena ku Ginnery Corner, yambani mwagula capsule (kachipangizo kamene kamamva mawu) ndi chubucho (vacuum tube, kababu kokulitsa mphamvu ya mawu) kuti mmisiri ayeze yekha, chifukwa thupi la maikolofoni likasemedwa mongoyerekeza, zamkati zimakana kulowa. Pa thupilo sankhani chitsulo cha brass m'malo mwa aluminiyamu, popeza sefa ya waya ya kumutu kwa maikolofoni imagwira bwino mukaiwotcherera ndi solder. Sefayo ikhudzane ndi thupi lonse mpaka ku ground (waya wa earth), apo ayi kulira kwa magetsi a 50 Hz kudzamveka m'mawu onse ojambulidwa. Nyengo ya mvula muzisunga maikolofoniyo m'bokosi louma, chifukwa chinyezi chimachititsa capsule kuthetheka. Musanagwire mkati mwa power supply (bokosi lopereka magetsi ku maikolofoni), chotsani magetsi otsala m'ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi), pakuti mavoti oposa 100 amatha kukhalamo ngakhale mutazimitsa.