Kuopseza ana mpaka aseke: masewera a Halloween m'nyumba mwathu ku Glasgow

Chaka changa choyamba kuno ku Scotland, madzulo a pa 31 Okutobala kudamveka kugogoda pachitseko. Nditatsegula ndidangoona tianthu titatu, kena nkhope yoyera ngati kagwera mu ufa, kena kali ndi mano a pulasitiki otuluka panja. Kamodzi kadayamba kuimba nyimbo, kena n'kunena nthabwala yomwe sindidaimve n'komwe. Atatha adangoima phee, matumba ali yasa. Ine ndidawathokoza n'kutseka chitseko. Mawa lake agogo ena a nyumba yoyandikana nafe adandifotokozera, akuseka mpaka misozi, kuti anawo ankadikira maswiti.

Tsopano ndine amene ndimaitana ana a m'nyumba zapafupi ndi a Amalawi anzathu kudzachezera kwathu tsikuli. Ndikudziwa kuti ena akungomva dzina la Halloween mtima wayamba kale kugunda. Nanenso ndidakulira kumene nkhani ya ufiti si yoseka, kumene kadzidzi akalira padenga anthu sagona. Kuno mfiti ya m'zithunzi imakwera tsache, pomwe ife tidamva za lichero, ndipo kwa iwo ndi chidole chabe. Ine ndidasankha malire anga: m'nyumba mwanga mulibe za mfiti, mulibe zoitana mizimu, mulibe magazi ochuluka. Muli mdima, maungu, akangaude a pepala ndi phokoso. Ndipo palibe mwana amene amavala ngati Gule Wamkulu. Mnzanga wina adati zingakhale bwino kuti tionetse chikhalidwe, ndidamukanira. Gule si chovala cha paphwando.

Dzina la tsikuli lidachokera ku mawu akale otanthauza usiku woti mawa lake, pa 1 Novembala, ndi tsiku la oyera mtima onse. Koma miyambo yake yambiri anthu amailumikiza ku Samhain, chikondwerero cha anthu akale a ku Ireland ndi Scotland chotsekera nyengo yokolola ndi kulandira nyengo yozizira. Kuno ana akamayenda khomo ndi khomo amati akuchita guising, ndipo mwambo wake ndi woti mwana ayambe waonetsa luso, kaya nyimbo, ndakatulo kapena nthabwala, asanalandire kanthu. Zongofika n'kunena kuti trick or treat, kutanthauza kuti tipatseni maswiti apo ayi tikuchitani chipongwe, zidachita kubwera kuchokera ku America, ndipo agogo a nyumba yoyandikana aja amazinyoza kwambiri.

Yambani ndi nthawi. Mawotchi amabwezedwa ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, choncho pofika tsikuli dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane. Ana aang'ono ndimawaitana 4 koloko kuti afike kukadali kowala, aone kuti kangaude ali pakhomoyo ndi wa ubweya, amugwire, amuseke. Mwana wa zaka zinayi akalowa m'nyumba ya eni muli kale mdima, phwando lake latha lisanayambe. Lamulo lina lomwe sindiliphwanya: tochi imakhala m'manja mwa mwana wamng'ono kuposa onse. Iyeyo ndiye mwini magetsi. Akati yatsani, timayatsa, popanda womuseka.

Masewera oyamba ndi a kuno enieni, otchedwa dooking. Tengani beseni lalikulu, lija lochapira, thirani madzi ofunda pang'ono mpaka kupitirira theka, ponyanimo maapozi. Sankhani ang'onoang'ono, chifukwa lalikulu mwana sangalilume, ndipo chotsani timitengo take kuti ochenjera asakokere pamenepo. Mwana amagwada, manja kumbuyo, n'kuyesa kutola apozi ndi mano. Apozi limayandama ndipo limathawa, ndiye amene amapambana ndi wolimba mtima, womiza nkhope yonse n'kulikanikizira pansi pa beseni. Yalani matawulo ambiri kuposa omwe mukuganiza kuti akwanira. Chaka china ndidaika beseni pa kapeti ya eni nyumba, ndipo fungo lake lidatha sabata. Wamkulu mmodzi akhale pambali pa beseni nthawi yonse, asachokepo ngakhale kukayankha foni, ndipo mukamaliza tayani madziwo nthawi yomweyo.

Pali makolo ena omwe safuna kuti ana khumi alowetse pakamwa m'madzi amodzi, makamaka nyengo ya chimfine ino. Ali ndi mfundo. Njira ina ya kuno komweko ndi ya foloko: mwana amagwada pampando, kuyang'ana kumbuyo kwa mpandowo, beseni lili pansi. Amaluma chogwirira cha foloko, kuloza bwino, n'kutsegula pakamwa kuti folokoyo igwe. Ikabaya apozi, ndi lake. Atsikana omwe atha ola lonse akudzipenta nkhope amakonda njira imeneyi.

Nkhope zikadali zonyowa, bweretsani phiri la ufa. Dzazani ufa wa tirigu m'mbale yakuya, utsindireni kwambiri ndi sipuni, vindikirani ndi thireyi, tembenuzani, kenako chotsani mbaleyo pang'onopang'ono. Pamwamba ikani switi imodzi. Aliyense amadula kachigawo ka phirilo ndi mpeni wosathwa, mosinthana. Amene wagwetsa switi aitole ndi pakamwa. Akadzuka amakhala mzukwa weniweni, ndipo ndi pamene zithunzi zabwino zimajambulidwa. Ndidayesa ndi ufa woyera wa nsima, koma sugwirana, phiri limagumuka msanga. Auzeni asapume ali mu ufamo, ndipo mwana wa mphumu ameneyu akhale woweruza.

Kale anthu kuno ankapachika masikono opaka manyuchi akuda pachingwe kuti ana adye osagwira ndi manja. Ine ndimapachika mandasi. Ndimakazinga ang'onoang'ono m'mawa, kuwaboola pakati ndi ndodo ya kanyenya, kulowetsa ulusi wolimba, n'kuwamangirira ku mtengo wa tsache womwe akuluakulu awiri amagwira uku ndi uku. Pakani uchi kuti azimata pamphuno. Ogwira tsachewo akamaligwedeza pang'ono, chipwirikiti chake n'chosasimbika. Ana a Chisikotishi omwe adayamba n'kufunsa kuti chimenechi n'chiyani, masiku ano amafunsa mandasi asanavule n'komwe majekete.

Koma mtima wa phwando langa ndi katoni ya dokotala. Apa ndiye pofunika kukonzekera bwino. Pezani makatoni asanu kapena asanu ndi limodzi, bowolani m'mbali bowo lokwana dzanja, tchingani bowolo ndi kansalu kuti maso asaone. M'kati mwa iliyonse muike mbale. Mphesa zosenda ndiwo maso. Supageti yophika, yozizira, yothira mafuta pang'ono ndiyo nyongolotsi. Tizidutswa ta karoti wowuma pang'ono ndi zala. Njere za chimanga chosakazinga ndi mano. Golovesi ya labala yothira madzi n'kuiika mufiriji usiku wonse ndi dzanja la munthu wozizira, ndipo ameneyu amakuwitsa ngakhale azibambo. Chida changa chachinsinsi ndi therere. Ndimagula therere lobala kusitolo ya Amwenye, kuliphika ndi soda pang'ono mpaka litanda bwino, n'kulisiya lizizire. Palibe mwana wobadwira kuno amene adayamba walowetsa dzanja mu therere lozizira osakuwa. Ana athu okha ndi amene amanunkhiza chala n'kunena kuti amayi, izi ndi ndiwo.

Katoniyi siyenda popanda nthano. Mukangoti pisani dzanja apa, mwana amangoti ndi supageti, basi. Zimitsani magetsi, khalani pansi mozungulira, ndipo yambani monga ankayambira agogo: padangokhala, iwo ayankhe kuti tili tonse. Ana a eni dziko amaphunzira kuyankhako msangamsanga. Nthano yanga ndi ya dokotala woiwalaiwala amene ankafuna kupanga munthu woti azimutsukira mbale, koma ziwalo zake adazisiya m'makatoni osalemba. Ndikafika pa maso, katoni ya maso imayenda dzanja ndi dzanja. Lankhulani motsitsa mawu, musathamange, muziima pakati pa chiganizo. Mapeto ake akhale opusa: munthu wa dokotalayo adadzuka, adaona mulu wa mbale, n'kudzigawanso m'makatoni yekha. Mwana akakuwa kenako n'kuseka, mwakhoza. Akangokhala chete n'kuyamba kufunafuna dzanja la mayi ake, mwapitirira, yatsani magetsi mumuonetse mphesa.

Kwa osakwana zaka zisanu, mphesa zathunthu ndi mtedza zimatsamwitsa, choncho zisawafike pakamwa. Za mtedza funsani makolo pasadakhale. Kuno mtedza wosasenda, womwe amautcha monkey nuts, unali mphatso yodziwika ya Halloween, ndipo ndidasangalala kuona chinthu cha kwathu m'thumba la mwana wanga, koma pali ana omwe mtedza umawadwalitsa moopsa. Ngati mwaitana ana a Chisilamu, werengani pa paketi ya maswiti a jeli, chifukwa ambiri amapangidwa ndi jelatini wa nkhumba.

Kukulungana ndi tishu ya kuchimbudzi kuti munthu aoneke ngati mtembo wa ku Egypt n'kosavuta: magulu awiri, mipukutu iwiri gulu lililonse, mphindi zitatu. Gulani tishu yolimba, yotchipa imaduka pa bondo loyamba. Wokulungidwayo akhale bambo wa m'nyumbamo, ana amakondwa koposa.

Achinyamata ndi nkhani ina. Wa zaka 14 amafika manja ali m'thumba, nkhope ikunena kuti zonsezi n'zachibwana. Musamukakamize kugwada pabeseni. Mpatseni udindo: iyeyo ndiye agwire makatoni, apange mawu oopsa kuseri kwa katani, aweruze mipikisano. Ang'onoang'ono akapita kukagogoda m'makomo ndi makolo awo, ndiye nthawi ya akuluwa yakwana.

Masewera awo oyamba ndi wakupha ndi diso. Tengani makhadi olingana ndi chiwerengero cha anthu, mugwirizane kuti wolandira khadi lakuti ndiye wakupha, wolandira lakuti ndiye wapolisi. Wapolisi amadziulula n'kuima pakati. Wakuphayo akakutsinzinira diso limodzi, umawerenga chamumtima mpaka 5, kenako umafa mochititsa kaso momwe ungathere. Wapolisi ali ndi mwayi utatu wolozera. Kuwala kukhale kochepa koma kokwanira kuona maso. Chosangalatsa si kugwira wakuphayo ayi, koma imfa zake: mwana wanga wamkulu, yemwe amayankha mafunso onse ndi mawu amodzi, adatenga mphindi yathunthu akufa, akutsanzikana ndi mipando.

Enawo ndi chibisalirano chotembenuza, chomwe m'nyumba mwathu timachitcha usipa. Mmodzi yekha ndiye amabisala, nyumba yonse ili mumdima, ena onse n'kumamufuna aliyense payekha. Ukamupeza sunena, umangolowa pomwepo n'kukhala naye chete. Pang'ono ndi pang'ono anthu amazimiririka, mpaka wotsala yekha akuyenda m'nyumba ya zii, akuitana anzake osayankhidwa, pomwe asanu ndi awiri apanikizana m'kabati ngati usipa m'thumba. Mantha ake ndi enieni ngakhale palibe chigoba kapena magazi. Tsekani khitchini, nenani zipinda zoletsedwa, chotsani zosweka, ndipo pamasitepe pakhale kanyali. Mafoni onse asonkhanitsidwe m'mbale imodzi, apo ayi kuwala kwake kuulula zonse.

Za maungu ndinene pang'ono. Kale kuno ankasema tanaposi wa mizu uja wamkulu wolimba, yemwe amamutcha neep. Ndidayesa kamodzi ndipo ndidapinda sipuni ziwiri. Dzungu ndi lofewa, n'chifukwa chake lidalanda malo. Mpeni ugwire wamkulu, ana ajambule nkhope ndi cholembera ndi kukumba zam'kati ndi manja. M'kati ikani kanyali ka batire osati kandulo, chifukwa zovala zambiri za tsikuli zimagwira moto msanga ndipo zimakhala zolendewera. Nthanga musataye. Tsukani, thirani mchere, kazingani. Zimandipwetekabe mtima kuona maungu ochuluka chotere ali m'mabini pa 1 Novembala, ine wokulira pa maungu ophika a kadzutsa, ngakhale kuti osemawa ndi amadzimadzi, sakoma ngati a kumunda kwa amayi.

Ana anu akamapita kukagogoda, azingopita pa makomo omwe pali dzungu lowala kapena zokongoletsa, ndicho chizindikiro choti eni ake akulandira alendo. Ndipo apite ndi luso lokonzeka. Mwana wanga wamkazi adakana nthabwala za m'buku zomwe anzake onse amanena, ndiye ndidamuphunzitsa chilape. Amati chilape, n'kumuuza mwini nyumba kuti ayankhe nachize, kenako amamasulira m'Chingerezi: nyumba ya amayi anga yopanda chitseko. Agogo a nyumba yoyandikana aja adayesa manda, adayesa phanga, adayesa bokosi la maliro, popeza tsiku lake linali lomwelo. Atauzidwa kuti ndi dzira, adalowa m'nyumba n'kubwera ndi maswiti odzaza manja awiri, ndi dzira limodzi lowiritsa pamwamba pake.