Ndinasamutsa makonzedwe a driver kuchoka mu JSON kupita mu TOML

Driver (pulogalamu yolumikiza kompyuta ndi printa) yomwe ndinalembera maprinta a malisiti m'mashopu a ku Kamwala ku Lusaka inkakana kuyamba ogulitsa akangosintha port (polumikizira printa pa kompyuta). Makonzedwe ake anali mu fayilo ya mtundu wa JSON, yomwe silola ndemanga, ndipo comma imodzi yotsalira kumapeto imawononga fayilo yonse.

Ndinayesa mtundu wina wa fayilo, YAML, koma wina akangodina Tab polowetsa mzere mkati, basi zaima.

Chinathandiza ndi TOML. Mzere umangokhala port = "COM3", pamwamba pake ndemanga ya m'Chinyanja yoyamba ndi #, kuti amayi a pa kauntala asamaope kuitsegula.

Samalani apa: njira yopita ku foda pa Windows ngati 'C:\Malisiti' muziiika m'ma single quote. M'ma double quote, chizindikiro cha \ chimatengedwa ngati chiyambi cha lamulo lapadera, fayilo n'kukanidwanso.

Python 3.11, chinenero cholembera mapulogalamu, imabwera kale ndi tomllib yowerengera mafayilo a TOML, choncho sindinalipire ngakhale ngwee.