Kasankhidwe ka sikopu ya mfuti ndi magazini ya pistol kwa ofuna kulowa mpikisano

Malangizo awa ndi a anthu amene ali kale ndi laisensi ya mfuti ndipo manje afuna kuyamba kupikisana pa kuwombera chandamale. Kuno ku Zambia za mfuti zonse zili pansi pa Firearms Act, Chapter 110, ndiye musanaitanitse kalikonse ku Johannesburg kapena ku America yambani mwafunsa apolisi kapena wogulitsa mfuti wovomerezeka ngati chinthucho chifuna pepala, makamaka magazini, kaboksi kosungira zipolopolo kaja, chifukwa katundu akagwidwa pa boda ndalama ija yapita basi. Masitolo ambiri a ku America ma sikopu, magalasi oonera patali omangirira pa mfuti, satumiza n'komwe kunja chifukwa cha malamulo akwawo.

CHENJEZO: Musanamange kapena kumasula chilichonse pa mfuti, chotsani magazini, tsegulani mfuti, yang'anani ndi maso anu kuti mulibe chipolopolo mkati, ndipo mpope uloze kumene kulibe munthu. Zipolopolo zikhale chipinda china.

Choyamba kugula si sikopu ai, ndi buku la malamulo a mpikisano umene mufuna kulowa, ndipo ambiri ali pa intaneti aulere. Pa mpikisano wa ISSF, bungwe la dziko lonse la masewera owombera, wa air rifle wa mamita 10, uja wa ku Olympics, sikopu siloledwa ngakhale pang'ono. Pa F-Class muwombera mutagona, chandamale chili kutali kwambiri koma mtunda mukuudziwa, ndiye mufuna sikopu yokoka kwambiri. Pa mipikisano ya mtundu wa PRS mtunda usinthasintha, wotchi ikuyenda, mukuwombera mutatsamira pa tayala kapena pa mgolo, apo chofunika ndi kupeza chandamale msanga. Sikopu yabwino kwa mmodzi kwa mnzake ndi katundu wolemetsa chabe.

Manambala a pa bokosi tiwadutse msanga. 3-9x40 atanthauza kuti imakoka chinthu kuyambira katatu mpaka ka 9, ndipo galasi lakutsogolo ndi mamilimita 40. 5-25x56 chimodzimodzi. Anthu amathamangira nambala yaikulu koma tamverani, mukagawa 56 ndi 25 mupeza mamilimita awiri ndi pang'ono, ndiko kukula kwa kakuwala kotuluka kumbuyo kulowa m'diso lanu, mutu ukasuntha pang'ono chabe chithunzi chada. Komanso mu Okutobala dzuwa likaphulika masana nthaka imatulutsa mafunde a kutentha, chandamale chimaoneka ngati chikuvina, ndipo mukakokera pa 25 ndiye mwakuza mafundewo. Odziwa amabweza pa 12 kapena 15 n'kumawombera bwinobwino. Galasi loyera la 4-16 liposa galasi lachimbuuzi la 6-24, pamenepa sindikayika.

Eye relief ndi mtunda wa pakati pa diso lanu ndi galasi lakumbuyo pamene chithunzi chikuoneka chathunthu, chopanda mdima m'mbali. Ma sikopu ambiri amapatsa masentimita 8 mpaka 10. Bukhu la wopanga sikopu limangoti "ikani sikopu kutsogolo momwe mungathere", silinena chifukwa. Chifukwa chake ndi chakuti mfuti ikalira imakankha m'mbuyo, ndipo mkombero wachitsulo uja umatema pamwamba pa nsidze, kabala kozungulira ngati mwezi watsopano, magazi n'kumatsikira m'diso pomwepo pa mzere. Poyesa, kokerani pa nambala yaikulu, gonani monga momwe mudzagonere tsiku la mpikisano, tsinzinani, ikani tsaya pa mfuti, kenako tsegulani diso. Ngati mufunika kusendeza khosi kuti muone, sunthani sikopu osati khosi.

Manje tifike povuta, pa MOA ndi MRAD. Pamwamba ndi pambali pa sikopu pali timitu tozungulira, ma turret, ndipo mukapotoza timalira "tiki tiki". Kulira kumodzi kumasuntha pogwera chipolopolo ndi muyezo wina wake. Pa sikopu ya MRAD, ena amati mil, mil imodzi ndi masentimita 10 pa mamita 100, ndipo kulira kumodzi nthawi zambiri ndi 0.1, kutanthauza sentimita imodzi ndendende. Pa mamita 300 kulira komweko ndi masentimita atatu. Pa sikopu ya MOA, MOA imodzi ndi pafupifupi masentimita 2.9 pa mamita 100, ndipo kulira kumodzi kawirikawiri ndi kota yake, mamilimita 7 ndi pang'ono. Tinene kuti mwawombera pa mamita 100, mwapita ndi rula pa pepala, mwapeza kuti zipolopolo zagwera masentimita 6 pansi ndi atatu kumanja. Wa MRAD angopotoza ka 6 kukweza, katatu kumanzere, watha. Wa MOA ayamba masamu, mamilimita 60 kugawa ndi 7.3, apeza ka 8, ndi kanayi kumanzere. Zonse zimagwira ntchito, koma ife tinaphunzira mamita ku sukulu, ndiye ine ndikuti tengani MRAD pokhapokha ngati anzanu onse a ku kalabu ali pa MOA, chifukwa wokuonerani pa spotting scope, galasi loonera pagwera chipolopolo, akakuwa kuti "kwezani 0.3" mufunika kumvana naye chilankhulo chimodzi. Chenjezo limene bukhu silinalembe: ma sikopu ena, makamaka akale ndi otchipa, mtanda wa mkati uli ndi timadontho ta mil koma ma turret ndi a MOA. Imeneyo isiyeni pa shelefu.

Mtanda wa mkati uja, reticle, umakhala malo awiri. Pa first focal plane, yolembedwa FFP, mtanda umakula limodzi ndi chithunzi mukamakoka, ndiye timizere take timanena zoona pa nambala iliyonse. Pa second focal plane, SFP, mtanda sumasintha kukula, ndipo timizereto ndi toona pa nambala imodzi yokha, kawirikawiri yaikulu ija. Munthu wa SFP akabwezera pa theka chifukwa cha mafunde a kutentha n'kuiwala, kamzere kamene amati ndi mil imodzi kasanduka awiri, chipolopolo chidutsa pamwamba. Wa PRS atenge FFP. Wa F-Class kapena wa pa benchi SFP imuyenera, mtanda wake ndi wowonda suphimba pakati pa chandamale.

Parallax ndi pamene mtanda ndi chandamale sizili pa mulingo umodzi mkati mwa galasi. Muidziwa chonchi: khazikani mfuti pa matumba a mchenga, osaigwira, yang'anani mkati n'kugwedeza mutu pang'ono. Mtanda ukamayendayenda pa chandamale parallax ilipo. Potozani kamutu ka kumanzere mpaka mtanda uime. Manambala olembedwa pa kamutuko musawakhulupirire kwambiri, khulupirirani diso. Amene mukuwombera mfuti ya .22 pa mamita 25 kapena 50 onetsetsani kuti sikopu itha kutsika mpaka pamenepo, chifukwa zambiri zosakira nyama anazikhoma pa mayadi 100 ndipo sizisinthika. Ndipo musanachite zonsezi lozani kumwamba kopanda mitambo, kutali ndi dzuwa, mupotoze mkombero wakumbuyo mpaka mtanda uoneke wakuthwa mukangoyang'ana, kamodzi kokha basi, osaugwiranso.

Kumanga. Thupi la sikopu limakhala inchi imodzi, mamilimita 30 kapena 34, ma ring ogwira sikopu akhale a saizi yomweyo. Njanji za pa mfuti zomangirapo ma ring, ya Picatinny ndi ya Weaver, zifanana koma mipata yake isiyana, ring ya Weaver ilowa pa Picatinny koma ya Picatinny kawirikawiri ikana pa Weaver. Mangani timabawuti mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, mpata wa mbali zonse ukhale wofanana. Gwiritsani ntchito torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, potsata nambala ya wopanga, ambiri amanena cha m'ma 15 mpaka 18 inch-pounds pa zivundikiro za ma ring. Apa ndipempha ndithu, mphamvu ya kumanga wilo ya minibasi isabwere pano. Thupi lija ndi aluminiyamu yopyapyala, mukalifinya zamkati zimakakamira, parallax ileka kuyenda, ndipo galanti itha kuthera pomwepo. Amene muli ndi air rifle ya sipulingi gulani sikopu yolembedwa kuti ndi ya airgun, mfuti imeneyo imakankha kumbuyo ndi kutsogolo ndipo imaphwanya ngakhale sikopu imene ipirira mfuti yamphamvu ya .308.

Mukamaliza kuika zero, kutanthauza kuti chipolopolo chikugwera pomwe mtanda waloza, iyeseni sikopu ngati ma turret amanena zoona, chifukwa ichi ndicho chimasiyanitsa sikopu ya mpikisano ndi chidole. Wombani zitatu pakati. Kwezani ka 20, wombani mukuloza pomwe paja. Ka 20 kumanja, wombani. Tsitsani ka 20, wombani. Ka 20 kumanzere, wombani. Mabowo apange bokosi la ngodya zinayi ndipo omaliza agwere pa oyamba aja. Ikalephera ibwezeni isanathe masiku, ndipo dziwani kuti pa intaneti pali zambiri zachinyengo zolembedwa Leupold kapena Vortex, mtengo ukatsika modabwitsa ndiye kuti si yeniyeni. Tebulo la kagwedwe ka chipolopolo la pa bokosi la zipolopolo nalonso musalimeze lonse, ambiri amaliwerengera pa mulingo wa nyanja yamchere pomwe Lusaka ili mamita opitirira 1,200 m'mwamba, mpweya ndi wopepuka ndipo patali chipolopolo sichigwa kwambiri monga alembera. Lembani zanu m'kabuku. Fumbi la pa galasi muyambe mwaliuzira ndi kapampu kapena kabulashi kofewa, osapukuta ndi malaya.

Tibwere ku magazini a pistol. Kaboksi kameneka anthu amakapeputsa koma mfuti ikamakana pa mpikisano nthawi zambiri wolakwa ndi iye. Muli thupi, sipulingi, follower imene imakankha zipolopolo m'mwamba, milomo iwiri ya pamwamba yogwira chipolopolo, ndi chapansi chake, base pad.

Apanso malamulo patsogolo. Mu IPSC, bungwe la mipikisano yowombera mothamangitsana ndi wotchi limene linayamba mu 1976 ku Columbia, Missouri, pali magulu a mfuti. Mu Production simuloledwa kupitirira zipolopolo 15 m'magazini pamene chizindikiro choyambira chikulira, ngakhale ya Glock 17 yanu ilowe 17. Mu Standard mfuti yonse ndi magazini yake mkati iyenera kulowa m'bokosi la mamilimita 225 ndi 150 ndi 45, ndiye base pad yotalika ija mwaiona pa YouTube itha kukukanitsani kutseka bokosi. Mu Open magazini isapitirire mamilimita 170. Mu Classic ndi zipolopolo 8 kwa a major, a zipolopolo zamphamvu, 10 kwa a minor, a zipolopolo zofookerapo. Mukaphwanya lamulo la gulu lanu amakusamutsirani ku Open, kukapikisana ndi mfuti zokhala ndi red dot, kadontho kofiira kolozera, ndi compensator yochepetsa kudumpha kwa mfuti, tsiku lawonongeka. Samalaninso, zambiri zogulitsa ku America anazipangira malamulo a USPSA, bungwe lakwawo, miyezo yake siifanana ndendende ndi ya IPSC. Malamulo amasinthidwa, werengani atsopano.

Mugule angati? Mpikisano wa IPSC uli ndi zigawo, ma stage, ndipo stage yaitali ifika zipolopolo 32, ndiye wa Production afuna atatu pochepetsetsa ngati saphonya n'kamodzi komwe, koma pali kuphonya, ndipo pali kutaya magazini isanathe chifukwa mukusintha mukuthamanga kupita pena. Khalani ndi asanu kapena 6. Gulani a fakitale yomwe inapanga mfuti yanu, kapena a Mec-Gar a ku Italy amene amapangira makampani ambiri a mfuti. Otchipa opanda dzina akhale a kuyesezera chabe. A Glock dziwani kuti magazini ya Glock 17 igwira mu Glock 19 koma ya 19 ndi yaifupi mu 17, ndipo ngati ndinu amanzere mwatembenuza batani lotulutsira pa Gen4 kapena Gen5, magazini akale okhala ndi kamphako mbali imodzi sakola.

Bukhu la wopanga mfuti limati "yeretsani magazini nthawi ndi nthawi". Kwa ife sizikwanira. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa nthaka ya ku range ndi ufa wofiira wokhawokha, magazini iliyonse yagwa pansi yameza dothi. Mukamaliza stage masulani base pad mutaloza kumbali chifukwa sipulingi imatumphuka, pititsani bulashi kapena kansalu kouma mkati, bwezerani. Mafuta mkati ai, mafuta ndi fumbi zimapanga phala ndipo follower imamatirira pakati. Lembani nambala pansi pa iliyonse ndi penti, 1, 2, 3, kuti mfuti ikakana mudziwe kuti ndi iti, nambala yomweyo ikabwereza muipatule. Yang'anani milomo ngati yang'aluka kapena yatanuka, ndipo musayese kuiwongola ndi pulayala. Sipulingi imatopa ndi kudzaza ndi kukhuthula kobwerezabwereza, mukaona slide, chitsulo cha pamwamba chobwerera m'mbuyo chija, yaleka kukola m'mbuyo chipolopolo chomaliza chikatha, kapena sipulingi yafupika poyerekeza ndi yatsopano, sinthani.

CHENJEZO: Pa safety area ya IPSC, malo ogwirirapo mfuti yopanda zipolopolo, ndi poletsedwa kugwira zipolopolo, zenizeni kapena zoyesezera, ngakhale magazini yodzaza. Chilango ndi kuchotsedwa mu mpikisano wonse. Dzazirani magazini kwina, mfuti ili mu holster kapena m'chikwama.

Magazini yatsopano isalowe mpikisano musanaiyese. Idzazeni mpaka nambala ya gulu lanu, ilowetseni slide ili yotseka muone ngati ikola popanda kuimenya kawiri, wombani mpaka ithe, onani ngati slide yakola m'mbuyo, kenako dinani batani muone ngati igwa yokha. Chitani chonchi ndi iliyonse, ndi zipolopolo za mtundu womwewo umene mudzagwiritse ntchito tsikulo.