Momwe mungathetsere vuto la class yolembedwa kawiri mu code yoyang'anira zilolezo pa Laravel

Mu polojekiti yanu ya Laravel, framework ya PHP yopangira mawebusayiti, mwaika phukusi la laravel-permission la kampani ya Spatie ya ku Antwerp, mwapanga class yanuyanu ya Role kuti muwonjezeremo zina, koma pongotsegula tsamba mwakumana ndi mawu ofiira akuti: Cannot declare class App\Models\Role because the name is already in use. PHP ina imalemba kuti Cannot redeclare class, pomwe PhpStorm, editor yolemberamo code ya PHP, imadandaula kuti Multiple definitions exist for class. Zonsezi zikunena chinthu chimodzi. M'nyumba imodzi muli ana awiri a dzina limodzi, ndipo PHP sikudziwa woti avomere akaitanidwa.

Role, Permission ndi ma policy ndiwo alonda a pageti. Ndiwo amanena woti aone malipiro a antchito, woti afufute lisiti, woti asinthe password ya mnzake. Ndiye ntchito yanu si kungothamangitsa mawu ofiirawo ayi. Muyenera kudziwa kuti mwa awiriwo ndi uti amene atsale pageti.

Yambani ndi fayilo yomwe yatchulidwa

Werengani uthengawo mpaka kumapeto. Umatchula fayilo ndi nambala ya mzere, ndipo pamenepo m'pomwe PHP yakumana ndi dzinalo kachiwiri. Tsegulani fayiloyo, muyang'ane mizere ya `use` yomwe ili pamwamba. Kwa amene amagwiritsa ntchito Spatie, wolakwa amabisala pomwepa kawirikawiri: mwaitana `Spatie\Permission\Models\Role`, kenako pansi pake mwalemba `class Role`. Mankhwala ake ndi kumupatsa mlendoyo dzina lina:

```
use Spatie\Permission\Models\Role as SpatieRole;

class Role extends SpatieRole
```

Mawu ofiira atha, koma musanyamuke. Pitani mu `config/permission.php`, pa gawo la `models`, musinthe `role` kuti iloze ku `App\Models\Role::class`. Mukaiwala, phukusilo lipitiriza kugwiritsa ntchito Role yake, ndipo zonse zomwe munawonjezera mu yanu zingokhala chokongoletsera. Mukatero lembani `php artisan config:clear` ndi `php artisan permission:cache-reset`, chifukwa zilolezo zimasungidwa mu cache ndipo zakale zimachedwa kuchoka.

Sakani mapasa m'polojekiti yonse

Ngati mizere ya `use` ilibe mlandu, dinani Ctrl+Shift+F mu editor ya VS Code, muyatse kabatani ka regex, mulembe `class\s+Role\b`. Kabatani ka Aa kasiyeni kozimitsa, pakuti PHP sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono pa mayina a class: `role` ndi `Role` kwa iyo ndi munthu mmodzi. Dziwaninso kuti VS Code salowa m'mafoda olembedwa mu `.gitignore` posaka, ndipo `vendor`, foda yomwe mumakhala maphukusi omwe mwaika, ndi imodzi mwa iwo. Dinani timadontho titatu pansi pa bokosi losakira, muzimitse Use Exclude Settings and Ignore Files, musakenso.

Zomwe zimatuluka nthawi zambiri ndi zotsatira za changu chathu. Munthu wakopera `PostPolicy.php`, waitcha `InvoicePolicy.php`, koma m'kati mwake mudakali `class PostPolicy`. Laravel ikafuna InvoicePolicy, Composer, chida choyang'anira maphukusi ndi kupeza ma class a PHP, imatsegula fayilo ya dzina limenelo, PHP n'kupezamo PostPolicy yomwe inalowa kale. Sinthani dzina la class ligwirizane ndi la fayilo, muonenso kuti `namespace` ikutsatira foda. Ulendo wina musakopere, lembani `php artisan make:policy InvoicePolicy --model=Invoice`, fayilo ibadwe ndi dzina lake.

Palinso mafayilo omwe timasunga "mwina adzafunika", onga `Role_old.php` kapena `Role copy.php`. Musanafufute, ikani awiriwo pambali pambali. Mu VS Code sankhani onse, dinani batani lakumanja la mouse, musankhe Compare Selected. Werengani mzere ndi mzere, makamaka pomwe pali `return true`. Yakale ikhoza kukhala ndi lamulo lomwe mnzanu anaiwala kusamutsira mu yatsopano. Mukatsimikiza, ichotseni. Git ndiye nkhokwe ya zakale, osati foda ya `app`.

Code yakale ya include ndi require

M'mapolojekiti omwe sagwiritsa ntchito Composer, fayilo yonga `auth.php` imaitanidwa mu header, n'kuitanidwanso mu tsamba lenilenilo. Class ndi imodzi, koma yalowa kawiri. Sinthani `require` akhale `require_once` paliponse pomwe fayiloyo yatchulidwa, osati malo amodzi okha.

Ngati vuto latuluka polemba `php artisan migrate` ndipo likutchula CreatePermissionTables, yang'anani mu `database/migrations`, momwe mumakhala ma migration, mafayilo opanga matebulo a database. Mupeza mafayilo awiri a dzina lofanana koma madeti osiyana, chifukwa wina anachita `vendor:publish` kawiri. Siyani yomwe `php artisan migrate:status` ikuonetsa kuti inayenda kale, muchotse inayo. Kuyambira pa Laravel 8.37, mu 2021, migration itha kulembedwa ndi class yopanda dzina, choncho uthengawu umapezeka kwambiri m'mapolojekiti akale.

Mverani zomwe Composer ikunena

Tsopano lembani `composer dump-autoload -o`, ndipo zomwe zituluke muziwerenge, musangodutsa. Mukaona Ambiguous class resolution, Composer yakuuzani mafayilo awiri omwe ali ndi class imodzi, n'kumaliza ndi mawu akuti the first will be used. Apa tsamba limayenda bwinobwino popanda chofiira chilichonse, koma mlonda wasankhidwa popanda inu kufunsidwa. Kwa ine chenjezo limeneli ndi loopsa kuposa tsamba lakufa, chifukwa tsamba lakufa aliyense amaliona.

Zimachitikanso kuti code ikuyenda, Composer ili chete, koma editor yokha ndiyo ikudandaula. Mu VS Code, ngati munaika Intelephense, chowonjezera chothandiza kulemba PHP, dinani Ctrl+Shift+P, musankhe Intelephense: Index workspace. Mu PhpStorm pitani ku File, kenako Invalidate Caches. Ngati muli ndi `_ide_helper_models.php`, dziwani kuti fayiloyi imabwereza dala mayina a ma model kuti ithandize editor, ndipo silowa pomwe tsamba likuyenda.

Njira yachidule yomwe musayese

Pa intaneti mupeza ambiri akulangiza kuti mukute class yonse ndi `class_exists`, kuti ikapezeka kale yachiwiri isalowe. Ndinachitapo zimenezi usiku wina, batire ya laputopu itatsala pang'ono kutha, kasitomala akuimba foni. Tsamba linadzuka ndipo ndinakagona ndi mtendere. Patapita masiku awiri, mayi woyang'anira ndalama pamalopo anandiimbira kuti kalaliki wolandira alendo akuona batani lofufutira malisiti. Class yomwe inkayamba kulowa inali yakale ija, yomwe ndinailemba poyeserera, yolola aliyense amene walowa mu system. Palibe lisiti lomwe linatayika chifukwa mtsikanayo anafunsa kaye asanadine, koma ndinachita manyazi aakulu, ndipo vuto linali langa ndekha.

N'chifukwa chake gawo lomaliza sindilidumpha. Tulukani mu akaunti ya admin, chifukwa admin amaloledwa paliponse ndipo sangakuonetseni chilichonse. Lowani ngati munthu wa udindo wotsikitsitsa. Musangoona ngati mabatani abisika. Lembani nokha adilesi ya tsamba loletsedwalo pamwamba pa browser, monga `/invoices/1/edit`, mudine Enter. Chomwe mukuyembekezera ndi 403, nambala yosonyeza kuti mwakanizidwa kulowa. Tsambalo likatseguka, ikani `dd`, lamulo la Laravel loimitsa code pamalo pomwe laikidwa, pa mzere woyamba wa policy yomwe mukuganiza kuti ikugwira ntchito, mutsegulenso. Likatseguka osaima pa `dd`, ndiye kuti policy yanu sikuitanidwa n'komwe, ndipo muyenera kubwerera ku Ctrl+Shift+F.