Writing ya IELTS ingakutsekereni khomo la yunivesite

Inu amene mukufuna malo ku mayunivesite a ku Britain, musamangoyang'ana giredi yonse ya IELTS, mayeso a Chingerezi omwe ali ndi magawo anayi. Ambiri amasangalala akaona 7.0, osadziwa kuti 5.5 ya Writing, gawo loyesa luso la kulemba, ingawabweze pakhomo. Mayunivesite ambiri amafuna 6.5, koma gawo lililonse lisatsike pansi pa 6.0. Choncho werengani bwinobwino zofunika pa kosi yanuyo, chifukwa makosi ngati a zamalamulo nthawi zambiri amafuna Writing yokwererapo.

Pokonzekera Writing, yomwe ili ndi ntchito ziwiri, Task 1 ndi Task 2, limbikirani kwambiri Task 2. Imeneyi ndi nkhani ya mawu osachepera 250, ndipo malikisi ake ndi owirikiza kawiri a Task 1 ya mawu 150. Muli ndi ola limodzi lokha, ndiye mphindi 40 zipite ku Task 2. Muziyeserera wotchi ili patebulo, ndipo muziyankha funso lomwe afunsalo. Nkhani yoloweza pamtima ochonga amaizindikira msanga, ndipo imakudyerani malikisi.

Ngati Writing yokha ndiyo yakugwetsani, pali One Skill Retake: mumalembanso gawo limodzilo pasanathe masiku 60, bola mayeso oyambawo munalembera pa kompyuta. Koma musanalipire, yambani mwafunsa yunivesiteyo ngati imavomereza zotsatira zimenezi, poti si onse amene amazilandira.