Jambulani Mawu a Agogo Akadali Moyo

Anthu ambiri amene makolo awo anamwalira amanena kuti chimene amachisowa kwambiri si katundu wa malemuwo, koma mawu awo ndi nkhani zimene ankakamba madzulo pamoto. Ngati agogo anu akadali moyo, mukapita kumudzi muwapemphe chilolezo, kenako muwajambule ndi foni akufotokoza za mfunda wawo, kumene makolo awo anachokera, ndiponso mmene anapulumukira njala ya 1949 ngati anaiona. Musawapanikize ndi mafunso ambiri tsiku limodzi, chifukwa okalamba amatopa msanga. Zithunzi zakale zimene zili m'sutikesi muzijambulenso, popeza chiswe ndi chinyezi zimawononga mapepala, ndipo kumbuyo kwake mulembe maina ndi pensulo. Zonsezi mutumizireko m'bale wina pa WhatsApp, chifukwa foni imabedwa.