Mmene Mungaonere Luso la Iktinos pa Kachisi wa Parthenon

Munthu wofuna kumudziwa Iktinos, mmisiri wa zomangamanga wa ku Greece wakale, ayenera kumufunafuna m'miyala, chifukwa buku limene iye analemba pamodzi ndi munthu wina dzina lake Karpion lofotokoza za kachisi wa Parthenon linatayika kalekale, ndipo timalidziwa chifukwa Vitruvius, mlembi wa zomangamanga wa ku Rome wakale, analitchula. Kachisiyu ali pa phiri la Acropolis mumzinda wa Athens. Iktinos ndi mmisiri mnzake Kallikrates anayamba kumumanga m'chaka cha 447 Khristu asanabadwe, m'masiku a Pericles, mtsogoleri wa mzindawo, ndipo ntchito yonse, kuphatikizapo zosemasema zimene katswiri wosema Pheidias ankayang'anira, inatha mu 432 Khristu asanabadwe.

Mukafika, yambani ndi kuwerenga nsanamira: kutsogolo zilipo 8, m'mbali 17. Kenaka pitani pangodya, mugwade kapena munjute mpaka diso lanu lifanane ndi khwerero la pamwamba limene nsanamira zaimapo, ndipo muyang'ane motsata utali wake wa mamita pafupifupi 70. Apa m'pamene ndikupempha kuti musapupulume. Mudzaona kuti khwererolo si lowongoka, koma latukuka pakati ndi masentimita pafupifupi 11, moti chinthu chaching'ono chimene chili kungodya inayo chimabisika. Kuti zimenezi zitheke, mwala uliwonse wa mabo wochokera kuphiri la Pentelikon unayenera kusemedwa molingana ndi malo akeake.

Mukadzuka, yang'anani nsanamira imodzi kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Imapita icheperachepera, komabe chapakati yatupa pang'ono ngati mkono wa munthu amene wasenza katundu. Nsanamira zonse zapendekera mkati pang'ono, ndipo za m'ngodya n'zonenepa kuposa zinzake komanso zayandikana kwambiri ndi zoyandikana nazo. Akatswiri ambiri amati zimenezi zinakonzedwa dala kuti nyumbayo isaoneke youma kapena yolowa pansi pakati.

Musaweruze mmisiriyu poona mbali zogumuka, popeza zambiri zinawonongeka mu 1687, pamene mzinga wa asilikali a ku Venice unayatsa wonga umene Aturuki ankasunga mkatimo.

Ngati ulendo ukulolani, pitirirani kumapiri a Arcadia, ku Bassae, kukaona kachisi wa Apollo, mulungu wa Agiriki, amene Pausanias, mlembi wakale wa za maulendo, analemba kuti nayenso anamangidwa ndi Iktinos. Kachisi ameneyu anayang'ana kumpoto, osati kum'mawa monga akachisi ambiri a Agiriki, ndipo kuyambira 1987 ali pansi pa chitenti chachikulu chomuteteza ku mvula ndi chisanu.